Batani Lakufa

Linah Mtonga anabwela pa boma la Lundazi ndi makina osokela, chikwama chimodzi ndi mpando wopanda chotsamila. Ndinamuona tsiku lomwelo, chifukwa ngolo ya ng'ombe imene inamunyamula kuchokela ku Mphamba inaima pakhomo pa shopu yathu kufunsa njila. Amuna anga, a Haswell, anatuluka kuti akamulozele kumsika. Pobwelela m'kati anali atamupatsa kale khonde lathu kuti azisokelapo. Sanandifunse. Anangoti, "Amake Carol, khonde lija limangokhala, mayi uyu aikepo makina ake." Ndinavomela ndi mutu, monga mwa chizolowezi changa.

Shopu yathu ndi ya magemu. Ndi chipinda chimodzi kuseli kwa msika, muli tivi ziwili, mabenchi atatu, ndi sola padenga. Tivi imodzi ndi ya mpila. Inayo ndi ya gemu yomenyana. Anthu awili amakhala pabenchi, aliyense padi yake ya mabatani m'manja, n'kusankha munthu mmodzi pa nkhope zambili zimene zimaoneka pa tivi. Osankhidwawo amamenyana mpaka mzele wa magazi a mmodzi, umene umakhala pamwamba, utatha. Ana asukulu akabwela, a Haswell ankawathamangitsa. Obwela kwa ife ndi azibambo a njinga zonyamula anthu, ometa tsitsi, ogulitsa m'magolosale, anthu a ndevu zawo. Ine ntchito yanga inali kusesa, kupukuta fumbi ndi kukhala pakona kumbuyo kwa mabenchi. Wokhala pamenepo saona bwino tivi. Amaona misana ndi manja.

Za moyo wa Linah ndinazitola pang'onopang'ono, iye akucheza ndi makasitomala pakhonde, ine ndikusesa pafupi. Anabadwila ku Magodi, wachinayi mwa ana aakazi asanu. Atate ake analibe mwana wamwamuna, choncho ng'ombe ankaweta ndi iyeyo. Sukulu analekela giledi seveni. Nyengo ya fodya ankakhala m'chigafa kusoka masamba kuyambila m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo amati panalibe womupeza. Anakwatiwa ku Mphamba, nakhalako zaka zisanu ndi chimodzi osaona mwana. Apongozi atayamba kumuyankhula kudzela mwa nkhuku ndi agalu, iye anaphunzila kusoka zovala kwa mayi wina wa kutchalitchi, n'kuchoka. Zonsezi amazinena akuseka, mapini ali pakamwa. Ndi wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo kuseka kwake kumamveka mpaka kwa ogulitsa tomato.

Ku Magodi ndi kwawonso kwa a Haswell. Midzi yawo ndi yotalikilana, sanadziwane ali ana, koma ankadziwa madambo omwewo, milatho yomweyo, ngakhale amisala omwewo. Ine kwathu ndi ku Katete. Chitumbuka ndimamva, koma nthabwala zake zimandipeza mochedwa. Iwo awili akaseka, ine ndinkaseka pambuyo pake, ndekha.

Maina enieni a anthu a mu gemu palibe amene ankavutika nawo. Anawapatsa awoawo. Panali Nesi, mkazi wovala zoyela, wothamanga ngati mphezi. Panali Msilikali, wa nsapato zazikulu. Panali Mabvuto, chifukwa nkhope yake inafanana ndi ya kondakitala wina wa minibasi za ku Chipata. Ndiye panali Sibweni, ndiko kuti malume, nkhalamba ya dazi ndi mimba yaikulu, yoyenda ngati ng'ombe yotopa. Nkhonya zake ndi zochedwa, kulumpha salumpha, koma akakugwila m'chiuno n'kukuponya pansi, magazi ako amatsika ndi theka. Palibe amene ankamusankha kupatula a Haswell, ndipo a Haswell palibe amene ankawagonjetsa.

Linah atakhala pakhonde miyezi itatu, Whiteson, wometa tsitsi wa shopu yoyandikana nafe, munthu wa pakamwa posatseka, anamuitana.

"Nyamtonga, siyani masiketiwo, bwelani tikumenyeni pang'ono msana uwongoke."

"Ba Whiteson, mutu umene munameta dzulo wabwela kwa ine m'mawa uno. Ukufuna niusokele chipewa."

Benchi yonse inaseka. Koma Linah analowa, anapukuta manja pachitenje, nakhala.

"Tengani Nesi," anatelo Whiteson. "Mkazi atenge mkazi mnzake."

Anatenga Nesi. Anasinja mabatani onse pamodzi ngati akukonola chimanga, Nesi akulumpha uku ndi uku, kumenya mphepo. Magazi ake anatha iye asanadziwe n'komwe kuti mzele wake ndi uti. Anaseka pamodzi ndi omuseka, koma ndinaona kuti potuluka anayang'ananso tivi kawili.

Mawa lake anabwelanso, mkuja wake chimodzimodzi. Miyezi iwili anamenyedwa ndi aliyense, ngakhale ndi anthu oti angolowa kubisala mvula. Kenako tsiku lina anakana Nesi.

"Munthu wa mu gemu ali monga dilesi," anauza Whiteson. "Sungalikonde chifukwa lakhala bwino pa mnzako. Uyese paphewa poyamba. Nesi uyu afuna munthu wa mtima wotentha. Ine ninakulila kumbuyo kwa ng'ombe."

Anayamba kuwayesa onse, aliyense sabata imodzi. Pakhoma pafupi ndi makina ake ankalemba timizele ndi choko chosokela: uyu manja ataliatali koma akaphonya amachedwa kubwelela, uyu amamenya pansi, uyu mphamvu zake zili m'mlengalenga. Khomalo ndinkafuna kulipukuta, koma ndinkaopa kuti andifunsa chifukwa chake. Pamapeto pake anakhazikika pa Msilikali, amene si wothamanga komanso si wochedwa, ndipo anayamba kupambana apo ndi apo. Koma ine ndinkaona kumene maso ake ankapita a Haswell akakhala pabenchi.

A Haswell anali ndi padi yawoyawo, yakale kupambana zonse, yokulungidwa ndi tepu yakuda. Batani lake lapamwamba kudzanja lamanja, pamene pamakhala chala cholozela, linafa kalekale. Ndi chifukwa chake anasankha Sibweni poyambilila: zimene nkhalamba ija imachita bwino sizifuna batani limenelo. Mapadi atsopano atabwela anakana kusintha. Ndipo batani lakufalo analipezela ntchito osadziwa. Mdani akamamenya, iwo akutchinga, chala chawo chinkagogoda pamenepo kuwelenga nkhonya. Tke, tke, tke, kenako kugwila. Kaphokoso kake n'kakang'ono, ngati chiswe m'denga. Ine ndinkakadziwa bwino, chifukwa chala chomwecho chinkagogoda padzanja langa m'tchalitchi ulaliki ukatalika.

Masana shopu imakhala yopanda anthu, ndipo nthawi imeneyo ndinkapita kunyumba kukaphika. Tsiku lina ndinaiwala makiyi, ndinabwelela. Makina a Linah anali chete. Ndinaima pakhomo, kumene dzuwa silinkandionetsa.

"Osathamangila kumenya," a Haswell ankatelo. "Tchingani. Mwaona? Yoyamba, yachiwili, yachitatu. Dzanja lake lili panja, sanalibweze. Apo ndiye mumugwile."

"Nachedwa," anatelo Linah.

"Mwachedwa chifukwa mukuyang'ana magazi anu. Asiyeni, si anu. Yang'anani chigongono chake."

Pa tivi panali Sibweni. Padi ya tepu yakuda inali m'manja mwa Linah. Ine padi imeneyo ndinkangoikhudza poipukuta fumbi. Ndinatenga makiyi pawindo, n'kubwelela kunyumba. Tsiku limenelo ndiwo ndinathila mchele kawili.

Maphunzilowo anapitilila kuposa chaka, masana alionse, ndipo iwo sankabisa. Ndikafunsa kuti shopu yayenda bwanji, a Haswell ankati, "Nyamtonga lelo watchinga magemu khumi osamenya ngakhale kamodzi. Mutu uja ndi wabwino." Kapena, "Lelo ndamukhazika kumanja. Anthu onse kuno amadziwa kumenya atakhala kumanzele, ukawatembenuza amasokonezeka ngati mbuzi pamsewu." Ankanena mokondwa, akudya nsomba imene ndawakazingila. Ndikanakonda akanabisa. Munthu akabisa umadziwa kuti pali chofunsa. Pagulu Linah ankatengabe Msilikali. Sibweni anali wa masana, wa awiliwo.

A Haswell anagwa chaka chatha mu Febuluwale, Lachitatu m'mawa, akutsegula chitseko cha shopu. Anakhala masiku anayi osayankhula, lachisanu anatisiya. Tinakawaika ku Magodi mvula ikugwa. Carol, mwana wathu mmodzi yekhayo, anabwelela kusukulu yake ya unesi, ine ndinatsala ndi shopu.

Tsiku limene ndinatsegulanso, Whiteson anaimilila pakati pa mabenchi, navula kapusi.

"Amuna inu, mumve. Sibweni tsopano ni chokolo. Aliyense asamukhudze mpaka mwala uikidwe pamanda."

Kuno chokolo ndi mkazi wamasiye, monga ine. Kwathu mawuwa timawamvela pa mwamuna wolowa m'nyumba ya malemu m'bale wake. Ena anaseka pang'ono, koma lamulolo linagwila. Kabokosi kosankhila kankayenda pa nkhope zija, kakafika pa Sibweni kankadumpha. Mlendo akafuna kumutenga, benchi yonse inkati, "Yayi, uyo ali pa malilo." Zimenezi zinkanditonthoza kuposa mawu a azimayi a kutchalitchi. Zinali ngati pali wina amene akulila nane, wosatopa, wosandiuza kuti ndilimbe mtima. Padi ya tepu yakuda ndinaikulunga m'shati yawo, n'kuitsekela m'sutikesi kunyumba.

Linah lamulolo analisunga. Koma sanaleke. Anatola padi ina yakale yoduka chingwe imene ndinkafuna kutaya, naiika m'dilowa ya makina ake. Akakhala wopanda chosoka ankasendeza mpando pakhomo, n'kumayang'ana anthu ena akumenyana, zala zake zikuyenda pa padi yakufayo. Ankamenyana ndi aliyense wa pa tivi, Sibweni wake ali m'mutu. Tsiku loyamba kumva kaphokoso kaja ndinali nditawelama ndi tsache. Tke, tke, tke. Ndinawongoka mofulumila mpaka chizungulile, poganiza kuti alowa. Anali Linah. Chala chake cholozela chinkagogoda pamalo omwe aja, mwa liwilo lomwe lija, ndipo nkhope yake inaonetsa kuti sakudziwa n'komwe.

Ndinamuda tsiku limenelo. Sindinena mokometsa. Nyumba anandisiyila ine, shopu ine, mwana ine, koma chala chawo chinapita kwa mkazi wapakhonde.

M'miyezi imeneyo anthu a ku Chipata anabwela kawili kudzapikisana nafe, ndipo kawili konse anatimenya ngati akupuntha nyemba. A Haswell ali moyo anthu amenewa sankayelekeza. Wamkulu wawo ndi Darius, wokonza mafoni, wowonda, wa zala zazitali. Amatenga Nesi, ndipo akayamba kumenya nkhonya zimatsatana osapeleka mpata wopumila. Aliyense ankadziwa kuti mankhwala a Nesi ndi Sibweni. Mwala tinaika chaka chino mu Juni, titakolola. Sabata yomweyo Darius anatumiza uthenga kuti abwela Loweluka, atatu kwa atatu.

Lachinayi m'mawa Linah anandipeza ndikutsegula mawindo.

"Mwawuka uli, amake Carol?"

"Nawuka makola, kwali imwe?"

"Makola. Nili na pempho. Loweluka nifuna kutenga Sibweni."

"Sibweni si wanga. Ali mu tivi."

"Nidziwa. Koma sininafune kuti mumvele kwa anthu." Anapinda tepu yoyezela pa chala. "Nipemphanso padi ya a Haswell. Inazolowela dzanja langa."

Akanati ndi padi yabwino, kapena kuti ndi ya mwayi, mwina ndikanapita kukaitenga. Koma anati inazolowela dzanja lake. Ndinaona m'maganizo mwanga boma lonse litadzaza m'shopu, iye atakhala pamalo pa amuna anga, padi yawo m'manja, munthu wawo pa tivi, ine ndili pakona ndi tsache. Anthu akanatuluka akudziwa amene anasiyilidwa a Haswell.

"Abale awo anatenga pogawa katundu," ndinatelo. "Pali yatsopano, ikali m'bokosi. Mutenge imeneyo."

"Yewo chomene," anatelo, akuomba m'manja.

Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Pa padi yamoyo, batani lapamwamba lija limachititsa Sibweni kusiya kutchinga, kukweza mwendo n'kuzungulila ndi theche lalikulu lochedwa. Ndinaliona kamodzi kalekale mlendo wina atalidina, a Haswell n'kuseka kuti nkhalamba yavina. Ndi Msilikali Linah sankagogoda, chifukwa Msilikali samenya mowelenga. Chaka ndi miyezi inayi anali asanatenge Sibweni pa padi yolumikizidwa. Mwa anthu onse a m'shopu muja, wodziwa za chala chake ndinali ine ndekha.

Loweluka masana shopu inadzaza mpaka ena anaima pamawindo. Njinga zinatsamila khoma lonse. Whiteson anayamba, anamenyedwa, nati padi inali ndi thukuta. Gerald, wa njinga yonyamula anthu, anatsatila, anamenyedwanso. Tinali tagonja kale, ndipo Darius anatambasula manja.

"Kodi pakali chifukwa? Minibasi itisiya."

"Khalani pansi, ba Darius," anatelo Linah. "Mwafika kutali, musabwelele osadya."

Lamulo linali lakuti wopambana malaundi atatu ndiye wapambana. Darius anatenga Nesi wake. Kabokosi ka Linah kanayenda pang'onopang'ono pa nkhope zija, kanafika pa Sibweni, kanaima. Kenako wina pawindo anakuwa kuti, "Chokolo chalowedwa!" ndipo anthu anaomba m'manja.

Nesi anathamangila ndi nkhonya zake. Sibweni anatchinga yoyamba. Ine sindinkayang'ana tivi, ndinkayang'ana dzanja lamanja la Linah. Chala chinatsika. Nkhalamba inagwetsa manja, inakweza mwendo, inayamba kuzungulila, ndipo nkhonya zonse za Nesi zinalowa. Anadzuka, anatchinga, chala chinatsikanso, anavinanso. Laundi yoyamba inatha Darius asanakandidwe n'komwe.

Linah anatembenuza padi, anaiyang'ana kumbuyo, anaipukuta pachitenje.

"Si ine nachita zija," anatelo.

"Nanga ni ndani, amama?" anafunsa Darius. "Kapena nkhalamba yamwa?"

Laundi yachiwili inali chimodzimodzi. Khosi la Linah linanyowa thukuta. Ndinkaona mapewa ake aja akukwela, akuuma. Ndipo ndinakondwa. Mumtima mwanga munali kutentha kokoma, ngati tiyi wa m'mawa wa mu Juni.

"Sibweni wakana!" wina anakuwa.

"Si Sibweni, mwini wake ndiye wakana!"

"Mwala mwaika dzana, lelo mwayamba kale? Wakwiya mudala!"

Whiteson, amene kugonja kwake kunali kukumuwawabe, anaimilila pabenchi. "Haswell akuti mkazi wamng'ono uyu sanamulowole, asakhudze katundu!"

Chiseko chinaphulika mpaka panja. Kenako ena anakumbukila kuti ndilipo. Mitu inatembenuka umodziumodzi, chiseko chikuzima kuyambila kutsogolo kubwela kwa ine. Whiteson anatsika pabenchi, akukanda kumutu.

Pamenepo kukoma kuja kunasanduka ndulu. Ndinafuna kuti Linah alephele, anthu aiwale zoti anaphunzila kwa amuna anga. M'malo mwake ndinawapatsa nkhani yoti akainene m'minibasi mpaka ku Chipata: kuti a Haswell anadzuka kumanda chifukwa cha Linah Mtonga. Kumulandila kapena kumukana, zonse n'chimodzimodzi. Wakufa sadzukila munthu wamba. Kwa ine, mkazi wawo wa zaka makumi awili ndi ziwili, anali asanabwele ngakhale kumaloto.

"Si a Haswell," ndinatelo.

Palibe anamva. Mawu anga sanazolowele chipinda chimenecho. Ndinaimilila.

"Si a Haswell ayi. Asiyeni agone. Ndi chala." Maso onse anali pa ine, ndipo ndinayang'ana pansi. "Chala chanu cholozela, ba Linah. Mumagogoda batani lapamwamba mukamawelenga nkhonya. Pa padi iyo ndi lamoyo."

Linah anakweza dzanja, nayang'ana chala chake ngati ndi cha munthu wina. Anachiika pa padi, anatchinga m'malele, ndipo chinagogoda chokha iye akuona. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanakwinye nkhope. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, monga amayang'anila nsalu imene kasitomala wanena kuti ndi mamita atatu.

"Imani," anauza Darius.

Anatuluka pakhonde, anabwela ndi kasizasi kake kakang'ono kodulila ulusi. Analowetsa nsonga pansi pa batani, anapotoza, batani linadumpha n'kugwela pansi pa benchi.

"Mayo!" Darius anagwila kumutu. "Padi yatsopano! Amama, batani limenelo limazimitsidwa mu masetingi. Mukanangonena, ni sekondi imodzi chabe!"

Tinayang'anana tonse. Zaka zonsezo panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene ankadziwa zimenezo.

"Kwanu uko," anatelo Whiteson, mawu atabwelela. "Ku Lundazi timazimitsa na sizasi."

Laundi yachitatu chala chinagogoda m'dzenje, mopanda phokoso. Nesi anamenya yoyamba, yachiwili, yachitatu, ndipo Sibweni anatambasula manja n'kumugwila m'chiuno. Pansi! Benchi inagwedezeka. Darius anabwelanso ndi nkhonya zomwezo, anagwidwanso. Laundi inatha. Yachinayi anayesa kulumpha pamwamba, Linah anangobwelela m'mbuyo phazi limodzi, namudikila potela. Ziwili kwa ziwili.

Darius si chitsilu. Laundi yomaliza anasintha. Ankamenya ziwili n'kuima, Linah akatambasula manja kuyembekezela yachitatu, iye n'kumumenya kumaso. Kawili anachita zimenezo, magazi a Sibweni anatsala kachidutswa ngati chikhadabo. A Haswell pamenepo akanaumilila kuwelenga zitatu, ndinawaona akutelo kambili, ndipo ankapulumuka chifukwa kuno kunalibe wochenjela ngati Darius. Linah anasiya kuwelenga. Ndinaona chala chake chitaima m'mwamba. Anayang'ana chigongono cha Nesi, ndipo nkhonya yachiwili itangotha, Darius akuganiza kuti wamutchela msampha, anamugwila pomwepo. Anadzuka, anamugwilanso asanaponye n'komwe. Kachitatu Darius anaopa, anangotchinga, osadziwa kuti kutchinga sikuletsa kugwidwa.

Phokoso lake linabweletsa azimayi a kumsika kudzafunsa ngati kwagwa ngozi. Tinagonja awili kwa mmodzi, koma anthu anavina ngati tatenga chikho. Darius anapeleka dzanja kwa Linah, nati abwelanso. Ine ndinatola batani pansi pa benchi, n'kusesa.

Lolemba m'mawa ndinafika nditakonzeka kumuuza kuti apeze khonde lina. Ndinamupeza akulowetsa ulusi m'singano. Sanandipatse moni wa masiku onse.

"Munadziwa," anatelo.

"Ndinadziwa."

"Na padi ija abale sanatenge."

"Sanatenge."

Anagwedeza mutu, nayamba kupalasa makina. Ndinaima pamenepo ndi makiyi m'manja mpaka anamaliza mpendelo wonse wa siketi. Funso limene ndinalisunga zaka zitatu linatuluka lokha, mawu ake osakonzeka.

"Panali chiyani pakati pa inu ndi amuna anga?"

Makina anaima.

"Benchi," anatelo. "Iwo uku, ine uku. Sananikhudzepo ngakhale dzanja. Akafuna kuwongola chala changa anali kuloza na bolopeni." Anadula ulusi ndi mano. "Koma kunama sininganame, amake Carol. Ola limenelo ninali kuliyembekezela kuyambila m'mawa. Kwathu ninali woweta ng'ombe, ku Mphamba ninali chumba. Munthu woyamba kuniuza kuti nili na mutu anali iwo."

"Iwo ankadziwa?"

"Sininawauze. Ngati anadziwa, anapita nazo."

Ndinafuna yankho loti ndimuthamangitse nalo, kapena loti ndigone nalo mwamtendele. Limeneli silinali ngakhale limodzi mwa awiliwo. Ndinatsegula shopu. Za khonde sindinanene, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Sikuti ndinamukhululukila. Ndinangoona kuti akachoka, adzapita ndi za a Haswell kumene sindingazione.

Akali pakhonde mpaka lelo. Amasoka mayunifomu a sukulu ndi madilesi a ukwati, ndipo masana amalowa kukamenya amene wapezeka. Sibweni tsopano ndi wake, palibe amatsutsa. Kamenyedwe kake kasintha. Amayenda kutsogolo kwambili, amanyenga mdani ndi nkhonya yabodza, zinthu zimene a Haswell ankati ndi za anthu opupuluma. Whiteson amati Linah amawaposa a Haswell, akaona kuti ndamva amasintha nkhani. Padi yoboola ija ndi imene amagwilitsa ntchito, ndipo anakana kuti Darius aikonze. Timapatsana moni, nthawi zina amandisungila shopu ndikapita kuchipatala kukayezetsa magazi. Akaseka ndi anthu m'Chitumbuka mtima wanga umachitabe kanthu.

Sabata yatha kunabwela bambo wina wa ku Mphamba, wogula mtedza, amene anamva mbili yake. Anakhala naye pabenchi, anamenyedwa malaundi asanu ndi limodzi otsatana, naika padi pansi akupukusa mutu.

"Amama, nkhalamba iyi ine nimaiona ngati yopanda ntchito. Anakuphunzitsani ndani?"

Ndinasiya kupukuta tivi ya mpila. M'shopu munali anthu asanu ndi awili, ndipo Whiteson anali atatsegula kale pakamwa. Linah anamutsogolela. Analoza pakona ndi chibwano.

"Amuna awo a mayi awo. A Haswell. Apatseni moni, ni eni ake a pano."

Bamboyo anatembenuka, anavula chipewa, nawelama pang'ono.

"Monile, amama. Amuna anu anali katswili."

"Yewo," ndinayankha. "Anali."